Phunziro: Mphamvu Yokondera Munthu Wobvuta

Werengani: Luka 6:27-36, Nchito za Atumwi 7:54-60.

Inu akatekumeni amene mukonzekera Ubatizo, mwa malamulo onse amene Ambuye Yezu anatisiira, lolemera koposa ndi ili lakuti tikonde ngakhale otida ndi otisautsa. Kukonda mwana wanu kapena bwenzi lanu sikulira Ubatizo, pakuti mtima uthamangira kumeneko wokha. Koma mlamu amene asuntha malire a munda caka ndi caka, mnansi woledzera kacasu amene akutukwanani usiku, kapena mbale amene anakunamizirani ufiti pa maliro, amenewa mudzawakonda ndi mphamvu yocokera kuti?

Funso limeneli si lacilendo kuno ku Majaua. M'caka ca 1986 nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inakula kwambiri m'dera la Milange, ndipo anthu ambiri anaoloka Ruo kuthawira ku Malawi, dziko limene linasunga othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi. Pa 4 Okutobala 1992 Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasaina pangano la mtendere ku Roma, mothandizidwa ndi gulu la Sant'Egidio ndi Ambuye Jaime Gonçalves, Arkiepiskopi wa ku Beira. Boma linakhululukira milandu ya nkhondo, ndipo sipanakhale bwalo loweruza. Cotero obwerera kwao anadzakhala pamodzi ndi amene anatentha nkhokwe zao, natunga nao madzi pa citsime cimodzi. Pangano la ku Roma linatontholetsa mfuti, koma cizondi ca mumtima silinacicotse. Nchito imeneyo inatsalira munthu aliyense pamaso pa Mulungu.

Mpingo uphunzitsa kuti cikondi ndi mphatso imene Mzimu Woyera athira mwa ife pa Ubatizo, pamodzi ndi cikhulupiriro ndi ciyembekezo. Mvetsani bwino apa, pakuti ambiri akhumudwa pa mau amenewa. Mulungu salamula kuti mtima wanu udzisangalala poona wokulakwirani. Mtima suumvera lamulo lotere. Alamula kuti mumfunire zabwino, muleke kumfunira tsoka, ndipo mumthandize akagwa m'mabvuto. Munthu atha kusenzera mdani wake mtolo wa nkhuni mtima uli kuwawabe, ndipo pamenepo wamkonda ndithu. Stefano Woyera anapempherera omponya miyala pamene miyalayo inali kumgwerabe.

Mphamvu imeneyi siidza tsiku limodzi. Iyamba ndi pemphero, ndipo pemphero lake ndi lochula dzina. Kupempherera adani osadziwika n'kwapafupi; kuchula dzina la amene analanda dimba lanu n'kumene kuuma pakamwa. Cifukwa cake pemphero la Atate Athu, limene mwaloweza kale, limangiriza cikhululukiro cimene tipempha ku cikhululukiro cimene tipereka. Mukadzabatizidwa mudzapezanso caulere ca Mulungu m'sakramenti la Kulapa ndi mu Ukaristia, m'mene mudzagwada pa mkeka umodzi ndi munthu wobvutayo.

Papa Yohane Paulo waciwiri anaomberedwa ndi mfuti pa 13 Meyi 1981 ndi Mehmet Ali Ağca. Pa 27 Disembala 1983 anapita yekha kukamuona m'ndende ya ku Roma, nakhala naye pansi ngati mbale. Komabe munthuyo anakhala m'ndende ya ku Italy kufikira caka ca 2000. Tiona apa kuti kukhululuka sikufafaniza cilungamo. Mlandu wa munda mupite nao kwa amfumu, osati kwa sing'anga wolodza. Mai womenyedwa ndi mwamuna wake asauzidwe kuti angopirira mwakacetecete. Ankhoswe ndi akuluakulu a mpingo alowererepo, pakuti kuletsa munthu kucimwa ndiko kumkondanso. Cimene cikuletsedwa ndi kulipsira. Zomwezi anaphunzitsa Papa Fransisko pa Misa ya ku Zimpeto, ku Maputo, pa 6 Seputembala 2019, polalikira Uthenga umene tawerenga lero.

Mafunso okambirana ndi mphunzitsi:

1. Kodi kusangalala ndi munthu ndi kumfunira zabwino zisiyana bwanji?
2. Kodi mkhristu alakwa akapita ndi mlandu kwa amfumu?

Zocita sabata ino: madzulo alionse chulani pamaso pa Mulungu dzina la munthu mmodzi amene akubvutani, ndipo mukakomana naye pa njira muyambe ndinu kumpatsa moni.