Fuluwenza ikalowa m'nyumba nyengo yachisanu

Juni ndi Julayi akafika, mwera ukuwomba, timatseka mazenera onse n'kuunjikana m'chipinda chimodzi. Apa ndi pamene kachilombo ka fuluwenza kamapezera mpata. Matendawa amasiyana ndi chimfine wamba. Amagwira mwadzidzidzi: m'mawa munthu ali bwino, madzulo thupi latentha, mutu ukuwawa, thupi lonse laphwanya. Ambiri amachira pakatha sabata, koma bungwe la WHO limati anthu pakati pa 290,000 ndi 650,000 amamwalira nawo chaka chilichonse padziko lonse.

Amene ndimawadera nkhawa ndi ana osakwana zaka 5, agogo, amayi oyembekezera, ndi odwala mphumu, shuga, TB kapena HIV. Wina akayamba kutsokomola, asagone mphasa imodzi ndi amenewa, ndipo akhale ndi kapu yakeyake. Masana tsegulani mazenera ngakhale kukuzizira. Wodwala atsokomolere ndi kuyetsemulira m'chigongono, osati m'manja. Mwana wasukulu akadwala ayambe wakhala pakhomo mpaka thupi litasiya kutentha.

Pa chakudya, lekani kusamba m'manja nonse m'beseni limodzi. Womalizira kusamba, yemwe kawirikawiri amakhala mwana, amangotola zonse zimene akuluakulu asiya m'madzimo. Thiranani madzi ndi jagi, sopo alipo.

Katemera wa fuluwenza amabayidwa chaka ndi chaka chifukwa kachilomboka kamasinthasintha. Abale okhala ku South Africa amamupeza m'zipatala ndi m'mafamase chisanu chisanayambe, cha mu Epulo.

Cholakwika chachikulu ndi kuthamangira makapisozi kugolosale. Amoxicillin ndi Bactrim amapha mabakiteriya, sakhudza fuluwenza mpang'ono pomwe, ndipo kuwamwa mwachisawawa kumachititsa kuti adzaleke kugwira ntchito tsiku limene adzafunikedi. Wodwala apume, amwe madzi ambiri, phala ndi tiyi wa mandimu. Panado amachepetsa kutentha ndi kuphwanya kwa thupi. Aspirin musapatse ana.

Kuno kwathu thupi likatentha musamangoti ndi chimfine. Malungo amayambanso chimodzimodzi, choncho kayezetseni magazi tsiku lomwelo.

Fuluwenza itha kubweretsa chibayo. Mwana akamapuma mofulumira, m'munsi mwa nthiti mukulowa mkati, akakana kuyamwa kapena akakomoka, pitani naye kuchipatala ngakhale ndi usiku. Chimodzimodzi wamkulu amene akubanika, akumva kupweteka pachifuwa, kapena anayamba kupeza bwino kenako thupi n'kutenthanso.