Phunziro la Mwezi Uno: Za Kuyamwitsa Mwana Mwakathithi

Abale ndi alongo a m'midzi ya kuno ku Mulanje, mwezi uno tiphunzira za chakudya cha khanda m'miyezi yake 6 yoyamba. Mawuwa tonse tinawamva kale ku sikelo, koma ambiri a ife sitiwasunga. Chifukwa chake tiyeni tifunse bwino chimene chitiletsa.

1. Muyeso wake

Kuyamwitsa mwakathithi ndiko kupatsa mwana bere lokha, popanda madzi, phala, tiyi kapena zitsamba, kufikira akwanitse miyezi 6. Mankhwala a kuchipatala okha ndiwo aloledwa. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse, la WHO, linakhazikitsa muyeso umenewu m'chaka cha 2001. Pakuti mkaka woyamba uja wachikasu, umene ena amautaya poyesa kuti ndi woipa, ndiwo umatchinjiriza khanda ku matenda. Ndiponso pafupifupi magawo 9 mwa magawo 10 a mkaka wa mayi ali madzi, kotero kuti ngakhale m'dzuwa la Okutobala mwana woyamwa bwino safuna madzi ena. Koma madzi a mu Ruo kapena a pachitsime chosasamalika akalowa m'matumbo osakhwima, mwana amatsegula m'mimba, liwombo nililowa, thupi nilifooka msanga.

2. Zimene anapeza oyenda m'midzi

Ofesi ya boma yowerenga anthu, ya ku Zomba, imatuma anthu kukafunsa amayi m'dziko lonse. M'chaka cha 1992 anapeza kuti mwa makanda 100 osakwana miyezi 6, oyamwa bere lokha anali 4 okha. Pofika 2010 anali 71. Koma powerenganso mu 2015 ndi 2016 anapeza 61. Taonani, tinakwera phiri, ndipo tinatsetserekanso. Chiphunzitso cha ku sikelo chinali chomwecho. Nanga chinabweza amayi nchiyani?

3. Wolamula pakhomo

Ofufuza ena anakhala ndi mabanja a ku Ekwendeni, m'boma la Mzimba, nalengeza zimene anaona m'chaka cha 2007. Mwa ana 100, ana 65 anapatsidwa zina pambali pa bere mwezi woyamba usanathe, ndipo 4 okha anafika miyezi 6 ndi bere lokha. Chimodzi mwa zifukwa chinali kulira kwa mwana, kumene akulu anakuyesa njala. Ndipo kawirikawiri wolamula sanali mayi, koma agogo.

Kumpotoko mkazi amakhala kwa mwamuna, chotero mawu ali ndi apongozi. Kuno kwathu kwa chikamwini mawu ali ndi amayi ake a mkaziyo ndi akulu anzawo a m'mudzi. Koma mlandu ndi umodzi. Mtsikana wobereka mwana woyamba angakane bwanji amayi ake atatenga kale chipande ndi kamphika ka phala?

Sitinena izi kunyoza agogo, pakuti iwo analera ife, ndipo amachita ichi mwa chikondi. Koma amve ichi: bere limapanga mkaka molingana ndi kuyamwa kwa mwana. Mwana akakhuta phala amayamwa pang'ono, akayamwa pang'ono mkaka umachepa, mkaka ukachepa akulu amati, "Suja tinanena kuti alibe mkaka?" Chonsecho wachepetsa mkakawo ndi phala lomwelo. Mwana akalira, abwerere ku bere, usana ndi usiku. Akapitirira kulira kapena akatentha thupi, apite naye kuchipatala.

4. Ntchito ya mayi

Chachiwiri chimene chimabweza amayi ndi ntchito. Lamulo la za ntchito la m'chaka cha 2000 limapatsa mkazi wolembedwa ntchito milungu 8 yopuma pobereka, koma miyezi 6 ili milungu 26. Wa ganyu ndi wa kumunda kwake alibe ndi tsiku lomwe lowerengedwa. Ndipo nyengo ya dzinja, pamene tiyi amaphuka kwambiri m'minda ya m'tsinde mwa phiri, ndiyo nyengo ya kupalira, ya njala, ndi ya madzi akuda. Mayi amalawira m'mamawa, nasiya khanda ndi kamtsikana, ndipo likalira kamtsikanako kamalipatsa chimene chili pafupi.

Pamenepa, abambo, mlandu uli wathu. Mutu umodzi susenza denga. Titenge ife khasu ndi nkhwangwa, titunge madzi osachita manyazi, ndipo tisamane mayi woyamwitsa ndiwo. Ngati mayi sangaleke kuchoka, asambe m'manja, afinyire mkaka wake m'kapu yoyera, aivundikire pamthunzi, kuti wolera ammwetse mwana asanapite maola ambiri.

5. Za kachilombo

Ena amaopa kuyamwitsa chifukwa cha kachilombo ka HIV. Kuyambira 2011 dziko lathu limapatsa mankhwala a ARV, a moyo wonse, kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali nako. Mayi wakumwa mankhwala ake mokhulupirika ayamwitse mwakathithi monga anzake, pakuti kusakaniza bere ndi zakudya zina m'miyezi yoyambayi ndiko kumaonjezera ngozi kwa mwana. Amene ali ndi funso afunse anamwino pa chipatala cha Mulanje Mission, pa chipatala cha boma, kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwake.

Miyezi 6 ikakwana, pamenepo agogo atenge chipande chawo, pakuti nthawi yawo yafika. Aphike phala la mgaiwa lothira nsinjiro kapena soya, apote nthochi, mapeyala ndi nandolo wofewa, koma bere lisaleke kufikira zaka 2 kapena kupitirira.

Mafunso okambirana posonkhana

1. Chifukwa ninji khanda silifuna madzi, ngakhale kutatentha?
2. Kodi phala limachepetsa bwanji mkaka wa mayi?
3. M'mudzi mwanu, ndani amalamula tsiku loyamba phala?
4. Ndi ntchito ziti zimene bambo angalandire mkazi wake mwezi uno?

Odziwa kuwerenga, musasunge phunziroli m'thumba. Mukaliwerengere agogo madzulo pakhonde, mwaulemu ndi modekha, ndipo muwafunse kuti akhale iwo alonda a miyezi 6 imeneyi.