PHUNZIRO 4: KUDYETSA BANJA PAMENE NDALAMA NDI ZOCHEPA

Cholinga cha phunziro

Pomaliza phunziro ili tikhale titadziwa kuwerengera chakudya cha banja lathu cha chaka chonse, kupeza zakudya zopatsa thanzi ndi ndalama zochepa, ndiponso kuzindikira udindo wathu ndi udindo wa boma pa nkhani ya chakudya.

Mau oyamba

Abale ndi alongo, tonsefe timaidziwa miyezi ya Januwale ndi Febuluwale. Chimanga chili m'munda koma sichinakhwime, nkhokwe yapepuka, ana akufuna fizi, ndipo mtengo wa chimanga pa msika wakwera. Pa nthawi imeneyi ana amasinza m'kalasi chifukwa achoka kunyumba osalawa kanthu. Bambo ndi mayi amasiya munda wao wosapalira n'kupita kukagwira ganyu m'munda wa wina. Munda wosiyidwawo subereka bwino, motero njala ya chaka chino imabala njala ya chaka chamawa.

Njala si yachilendo m'dziko lathu. Agogo athu amasimba za njala ya 1949, ndipo ambirife tidaiona ya 2002. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy adakokolola minda m'chigawo cha kumwera. M'mwezi wa Novembala chaka chomwecho mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 pa 100 iliyonse, ndipo mitengo ya zinthu idakwera. Mu 2024 kudagwa ng'amba m'maboma ambiri. Zotere ife pa mphakati sitingathe kuziletsa. Koma zilipo zina zimene zili m'manja mwathu, ndipo ndizo tikambirane lero.

1. Tiyambe ndi kuwerengera

Mabanja ambiri sadziwa kuti amadya matumba angati pa chaka. Timangoona nkhokwe yodzaza mu Meyi n'kuganiza kuti chakudya chilipo chambiri.

Tiyeni tiyerekeze. Banja lina limatha thumba limodzi ndi theka la makilogalamu 50 pa mwezi. Ndiye kuti pa chaka lifunika matumba 18. Chaka chino lakolola matumba 14. Ngati siligulitsako, chimangacho chidzatha kumayambiriro kwa Febuluwale. Koma likagulitsa matumba atatu mu Juni, chidzatha kumayambiriro kwa Disembala. Matumba atatu aja adagulitsidwa pamene chimanga chili chotchipa, ndipo banjalo lidzawagulanso pamene chadula kwambiri. Wapindula ndi venda, amene sadagwire khasu.

Choncho tikangokolola, bambo ndi mayi akhale pansi pamodzi, awerenge matumba ndi kuwagawa m'miyezi. Ngati akuona kuti adzaperewera, agule chimanga msanga mtengo usanakwere, kapena abzale mbatata ndi chinangwa zodzathandiza. Ngati m'nyumba mwafunika ndalama, ndi bwino kugulitsa nkhuku, mbuzi kapena mbeu zina kusiyana ndi kutsegula nkhokwe.

Tiwerengerenso chimanga chimene chimapita ku maukwati, ku ziliza ndi ku mowa. Miyambo yathu ndi yabwino ndipo maliro sitingawathawe. Koma si ulemu kwa malemu kuti ana ao agone ndi njala miyezi iwiri chifukwa cha phwando la tsiku limodzi.

2. Tisataye chimene tili nacho kale

Chimanga chisungidwe chitauma bwino. Chachinyezi chimachita chuku, ndipo chuku cha pa chimanga ndi mtedza chili ndi poizoni amene amaononga chiwindi. Anankafumbwe nawo amatha kudya nkhokwe yonse ife tikuona. Tifunse alangizi a zaulimi za mankhwala oyenera ndi muyeso wake, kapena tigwiritse ntchito matumba osalowa mpweya, amene safuna mankhwala.

Tiganizirenso za ufa. Ambirife timakonda ufa woyera, ndipo mgaiwa timati ndi wa amphawi. Koma pokonola, kupeta ndi kuviika mphale, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chimanga limapita ku madeya ndi ku madzi, pamodzi ndi mafuta ndi zina zopatsa thanzi. Mgaiwa umakhalitsa m'mimba, kuchigayo timalipira kamodzi, ndipo thumba limafika patali. Amene sadauzolowere angayambe ndi kusakaniza ufa wa mitundu iwiriyi.

Pophika tiyeze ufa molingana ndi anthu amene alipo. Mkute usatayidwe, koma utenthetsedwe bwino m'mawa usanadyedwe. Nyemba tikaziviika usiku zimapsa msanga, ndipo mbaula yadothi yosunga moto imachepetsa nkhuni.

3. Kukhuta kokha sikukwanira

Ife timati ngati sitidadye nsima ndiye kuti sitidadye. Koma a zaumoyo amatiphunzitsa kuti thupi limafuna magulu asanu ndi limodzi a zakudya. Zambiri mwa izo zimapezeka pakhomo pathu pomwe:

(a) Zokhutitsa: chimanga, mapira, mawere, chinangwa, mbatata, nthochi zophika. Kadzutsa wa mbatata kapena futali amapulumutsa ufa. Chinangwa chowawa chiviikidwe mokwanira chisanadyedwe.

(b) Zanyemba: nyemba, khobwe, nandolo, nzama, soya, mtedza. Izi zimamanga thupi pa mtengo wotsika kuposa nyama.

(c) Zochokera ku nyama: usipa, matemba, bonya, mazira, ngumbi, ziwala, mbewa. Kambale kamodzi ka usipa wosinja kangathe kukometsa ndiwo za masiku angapo.

(d) Zamasamba: nkhwani, khwanya, chitambe, kholowa, chigwada, bonongwe, chisoso, luni. Zambiri zimamera zokha. Nthawi ya dzinja tifutse mfutso wambiri wodzadya m'chilimwe. Masamba tisawaphike nthawi yaitali, ndipo soda kapena chidulo tichepetse chifukwa zimaononga mavitamini.

(e) Zipatso: mango, mapapaya, magwafa, masuku, malambe, masau. Mtengo umodzi wa papaya kuseri kwa nyumba sufuna feteleza wogula.

(f) Zamafuta: nsinjiro, mapeyala, nthanga za maungu. Ngati mafuta ophikira adula, titendere ndiwo ndi nsinjiro monga ankachitira amayi athu.

Sitingathe kupeza magulu onsewa pa mbale imodzi tsiku lililonse. Koma tiyesetse kuti pa tsiku tidyeko magulu anayi kapena asanu, ndipo pa mlungu tisasiye ngakhale limodzi. Mchere tigule wokhala ndi ayodini.

4. Kwa ife ogula chilichonse

Abale athu a m'tauni ndi pa maesiteti alibe nkhokwe. Nkhokwe yao ndi malipiro a pa mwezi kapena kageni ka tsiku ndi tsiku. Wosauka amagula modula kuposa wolemera, chifukwa amagula pang'onopang'ono: kajumbo ka ufa kamene timakatcha “walkman”, mafuta a m'kapepala, shuga wa pa supuni. Tikaphatikiza pa mwezi, timapeza kuti talipira zambiri kuposa amene adagula thumba.

Mabanja atatu kapena anayi angathe kusonkherana, kugula thumba la chimanga kapena ndowa ya nyemba, n'kugawana mwachilungamo. Malipiro akangofika, tiyambe tapatula za ufa, nyemba, mchere ndi makala, zina zibwere pambuyo. Tigule zimene zili pa nyengo yake. Ngakhale pa lendi, mpiru ndi anyezi zimamera m'matumba akale ndi m'ndowa zobooka. Ndalama ya zakumwa za m'mabotolo ndi tokometsera ta ana ingathe kugula mazira kapena mtedza.

Tichenjere ndi katapila. Ngongole yogulira chakudya cha lero imadya chakudya cha mwezi wamawa. Banki m'khonde ndi yothandiza ngati tikongola zoti tichitire geni, koma yagwetsa mabanja amene adakongola zongodya.

5. Adye choyamba ndani?

Apa tifunika kunena zoona. M'mabanja ambiri ndiwo zabwino zimapita m'mbale ya bambo, ana amalimbirana mbale imodzi, ndipo mayi amadya zotsala. Ena amaletsa ana ndi amayi oyembekezera kudya mazira, chikhalirecho mazira alibe vuto lililonse kwa iwo. Kunyentchera kumayamba kugwira mwana wamng'ono, mayi woyembekezera, mayi woyamwitsa, wodwala ndi nkhalamba. Mwana amene wapinimbira asanakwane zaka ziwiri amavutika kukula ndi kuphunzira, ndipo zimenezi zimavuta kuzikonza pambuyo pake.

Mwana ayamwe bere lokha miyezi isanu ndi umodzi, kenaka apitirize kuyamwa uku akudya phala mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira. Phala lamadzimadzi la ufa woyera silimanga thupi. Likuni Phala, amene dzina lake lidachokera ku chipatala cha mishoni ya Likuni ku Lilongwe, tingathe kupanga tokha: makapu anayi a chimanga ndi kapu imodzi ya soya wokazinga wochotsa makoko, n'kugayitsa pamodzi. Ngati soya palibe, tithire nsinjiro. Mwana wamng'ono akhale ndi mbale yakeyake, adye kangapo pa tsiku, ndipo tisaphonye sikelo.

Abambo anzathu, ndalama ya kachasu ya Loweruka limodzi ingathe kugula ndiwo za masiku angapo. Kukhala mutu wa banja kumatanthauza kuonetsetsa kuti wamng'ono wadya.

6. Mau a Mulungu akutiunikira

Tiwerenge Genesis 41. Yosefe adalangiza Farao kuti pa zaka za dzinthu dzambiri asungeko gawo limodzi mwa magawo asanu, ndipo anthu adapulumuka pa zaka zisanu ndi ziwiri za njala. Tiwerengenso Yohane 6:1-13. Ambuye Yezu adadyetsa khamu ndi buledi msanu ndi nsomba ziwiri zimene mnyamata wina adapereka, ndipo anthu atakhuta adalamula kuti zotsala zitoledwe. Pamenepa tikuphunzira kusunga, kugawana ndi kusataya.

7. Ufulu wathu ndi udindo wathu

Sikuti aliyense wanjala ndi waulesi. Mu kalata yao ya pa Lenti ya 1992, Aepiskopi athu adadzudzula kusiyana kwakukulu pakati pa olemera ndi osauka, malipiro ochepa a antchito, ndi mitengo yotsika yogulira mbeu za alimi. Gawo 30 la Malamulo Aakulu a dziko lino a 1994 limapatsa boma udindo woonetsetsa kuti anthu onse ali ndi mwai wofanana wopezera zofunika pa moyo, kuphatikizapo chakudya.

Choncho tili ndi ufulu wofunsa khansala ndi phungu wathu za misika ya chimanga, sikelo zachinyengo za mavenda, ndi mmene maina a olandira thandizo amalembedwera. Thandizo la chakudya si mphatso ya chipani. Wina akatipatsa ufa kuti timuvotere, akugula zaka zisanu ndi chakudya cha mlungu umodzi. Nafenso tisalembetse maina abodza, chifukwa potero tikulanda mbale ya mayi wamasiye.

Mafunso okambirana pa mphakati

1. Kodi banja lathu limadya matumba angati pa chaka? Chaka chatha chakudya chidatha mwezi uti, ndipo chifukwa chiyani?
2. Ndi zakudya ziti zopezeka m'dera lathu zimene timazinyoza?
3. Kodi kwathu amene amadya choyamba ndi amene amadya chotsiriza ndani?
4. Ndi mabanja ati pa mphakati pathu amene sangafike mwezi wa Malichi popanda thandizo?

Zoti tichite

Banja lililonse liwerenge chakudya chake mlungu uno, ndipo bambo ndi mayi adzabwere ndi yankho pa msonkhano wotsatira. Mutu umodzi susenza denga: tigwirizane zoti pa nthawi yokolola banja lililonse lipereke mbale imodzi ya chimanga kapena nyemba, zisungidwe ndi anthu atatu osankhidwa, zilembedwe m'buku, ndipo zidzagawidwe poyera mu Januwale kwa odwala, okalamba ndi ana amasiye.

Pemphero

Atate athu a Kumwamba, Inu mumadziwa zosowa za mabanja athu. Mutipatse nzeru zosamala zochepa zimene tili nazo, mtima wogawana ndi anzathu, ndi kulimba mtima kuti tiyankhule pamene osauka akuponderezedwa. Tikupempha zimenezi kudzera mwa Khristu Ambuye athu. Amen.