Galimoto yakale imapotoka ngati katoni: nanga amailimbitsa bwanji?

Pezani katoni ya nsapato, muchotse chivindikiro, ndipo muipotokole ngati mukufinya chovala. Ipotoka mosavuta. Tsopano vindikirani, mumate ndi tepi mbali zonse, muyesenso. Ine nditayesa koyamba ndinadabwa, chifukwa katoni yomweyo inalimba gwa!

Thupi la galimoto limachitanso chimodzimodzi. Titenge Ford Escort Mk1, yomwe inatuluka mu 1968. Ilibe chasisi chapadera ngati lole. Thupi lake lomwelo, lopangidwa ndi malata owotchereredwa m'timadontho, ndi limene limanyamula injini, anthu ndi katundu. Koma thupilo ndi lodzaza mabowo: zitseko, mawindo, buti. Tayala limodzi likagwa m'dzenje, thupi lonse limapotoka pang'ono. Mukanyamula ngodya imodzi ya galimoto yokalamba ndi jeke, nthawi zina chitseko chimavuta kutseka. Kumeneko ndiye kupotoka tikunenaku.

Vuto lake n'chiyani? Ntchito yotsamiza matayala pansi ndi ya masipuling'i ndi ma shock absorber. Thupi likamapotoka limasanduka sipuling'i ina yosalamulirika, ndipo galimoto simvera bwino chiwongolero pokhota. Akatswiri amayeza kulimbaku ndi ma newton-metre pa digiri. Tingoyerekeza: ngati 3000 Nm ipotoza thupi digiri imodzi, kulimba kwake ndi 3000 Nm pa digiri. Ikalipotoza theka la digiri chabe, kulimba ndi 6000.

Escort yotereyi ndi imene Hannu Mikkola ndi Gunnar Palm anapambana nayo mpikisano wa East African Safari mu 1972, m'misewu yokumbika kwambiri. Okonza galimoto za mpikisano zoterezi amayamba ndi kuwotcherera misoko ya malata, pang'onopang'ono modumphadumpha, kuti kutentha kusapinde chitsulo. Kenako amamanga chitsulo cholumikiza nsonga za masipuling'i awiri akutsogolo. Chachikulu ndi roll cage, khola la mapaipi lomwe limazungulira dalaivala.

Apa ndiye pali sayansi imene ndimaikonda. Lumikizani timitengo tinayi m'makona anayi, mukankhe ngodya imodzi. Tipendekeka, ngakhale kuti palibe kamtengo kafupika kapena kutalika. Onjezani kamtengo kachisanu kopingasa kuchoka ngodya iyi kukafika ngodya inayo. Mwapanga mathirayango awiri, ndipo zaima nji. Thirayango singasinthe maonekedwe pokhapokha mbali yake ina itatalika kapena kufupika, ndipo paipi yachitsulo ndi yovuta kwambiri kuikoka kapena kuipanikiza m'litali mwake, kusiyana ndi kuipinda. Yang'anani felemu ya njinga yanu, kapena mitengo ya denga la kalasi: mathirayango okhaokha. N'chifukwa chake khola lopanda mapaipi opingasa, kwa ine, ndi chokongoletsera chabe cholemetsa galimoto.

Si paipi iliyonse imene ingagwire ntchitoyi. Malamulo a FIA, bungwe loyang'anira mipikisano ya galimoto padziko lonse, amafuna paipi yachitsulo yopanda msoko. Paipi yaikulu yodutsa pamwamba kumbuyo kwa mipando isachepere mamilimita 45 kukula kwake ndi 2.5 kuchindikala, kapena 50 ndi 2.0. Phazi lililonse la khola limakhala pa chitsulo chaphanthiphanthi chochindikala mamilimita osachepera 3. Kumbukirani phunziro la pressure: mphamvu yambiri pamalo ochepa imaboola. Popanda chitsulo chimenechi, galimoto ikagubuduka paipi ikhoza kuboola pansi ngati msomali, makamaka pamene dzimbiri ladya kale.

Komanso khola lomwe limateteza wampikisano likhoza kupha munthu wamba. Wampikisano amavala helemeti, amamangidwa ndi malamba angapo pampando wolimba, ndipo mapaipi apafupi ndi mutu amakutidwa ndi zofewetsa zapadera. Munthu wongomanga lamba wamba, mutu uli pamtunda, akachita ngozi mutuwo umakamenya paipi yomwe ili masentimita ochepa kuchokera kukhutu kwake.