Mankhwala a Nthata Angathe Kupha Ana a Mphaka

Ku Khombedza mphaka ndiye mlonda wa nkhokwe. Koma ana ake akagwidwa nthata kapena nkhupakupa, anthu ena amawawaza Actellic Super wosungira chimanga, ena amawapaka mankhwala a agalu. Kutero n'koopsa. Mu Actellic Super ndi m'mankhwala ambiri a agalu muli permethrin, poizoni amene chiwindi cha mphaka sichitha kumchotsa m'thupi msanga. Komanso mphaka amameza mankhwalawo podzinyambita.

Kamphaka kotere kamanjenjemera, kutuluka dovu ndi kuphupha. Kasambitsidwe msanga ndi sopo m'madzi ofunda, kafunditsidwe, ndipo mwini wake athamangire nako kwa mlangizi wa ziweto.

Kamphaka kosakwana milungu 8 kasapakidwe mankhwala. Kazingopesedwa ndi chipeso cha mano othithikana, ndipo nsanza zogonapo zizichapidwa ndi kuyanikidwa padzuwa.