PHUNZIRO LA MBEU YA CIMANGA: NCHITO YA ANTHU OFUFUZA

Mwezi wa November ukafika, alimi ambiri apita kusitolo kukagula thumba la mbeu ya cimanga ca haibridi. Pathumbapo palembedwa malemba ndi manambala, koma ndi owerengeka amene adziwa za anthu amene anakhetsa thukuta kuti mbeuyo ioneke. M'phunziro ili tiona mbiri ya mbeu imodzi yochuka, SR52, kuti tizindikire nchito ya ofufuza ndi zimene dziko liyenera kuwacitira.

1. M'mene mbeu ya haibridi ipangidwira

Cimanga ciri ndi ngaiyaye pamwamba, ndi ndebvu pacitsononkho. Ufa wa ngaiyaye ukagwera pa ndebvu, pamenepo njere zibadwa. M'munda wamba mphepo iuluza ufawo uku ndi uku, kotero mbeu zisakanizika. Wofufuza afuna mtundu wosasakanizika. Tsono abvundikira citsononkho ndi kathumba ka pepala ndebvu zisanaturuke, natenga ufa wa phesi lomwelo, nauthira pa ndebvu zace. Acita cimodzimodzi dzinja ndi dzinja, kasanu ndi kamodzi kapena koposa. Cimangaco cifupika, cionda, cibala pang'ono, ndipo munthu wodutsa angaseke kuti mwini munda sadziwa kulima. Koma akakwatitsa mitundu iwiri yotere yoyenerana, mwana wace aturuka wamphamvu ndi wobala kopambana makolo onse awiri. Mwanayo ndiye haibridi. Mphamvu yace ikhala ya mbadwo umodzi wokha. Ndico cifukwa cace mlimi akabzala za m'nkhokwe caka cotsatira, zokolola zicepa.

2. Zaka 28 za kudikira

M'caka ca 1932, Harry Arnold anayamba nchito imeneyi pa munda wa boma woyesera mbeu ku Salisbury, mzinda umene lero uchedwa Harare. Pambuyo pace Alan Rattray anailandira naipitiriza. Nkhondo yaikuru ya 1939 mpaka 1945 inadza nipita, iwo ali kubvundikirabe zitsononkho ndi kulemba m'mabuku. Haibridi yoyamba, SR1, inaturuka mu 1949, ndipo SR52 inaturuka mu 1960, patapita zaka 28. Makolo ace anacokera ku mitundu iwiri ya cimanga coyera, Salisbury White ndi Southern Cross. Akuru anati, kuona maso a nkhono nkudekha. Boma likadatopa ndi kulipira anthu aja pa caka cacisanu, mbeuyo sikadaoneka. Ndiponso amene anayamba sindiye amene anatsiriza. Wotsiriza anakhoza cifukwa woyamba anamsiyira mbeu ndi zolemba zoona.

3. Kodi afufuzira yani?

SR52 inafika kuno masiku a Federation, ndipo inabala zodabwitsa pa mafamu akuru a m'mbali mwa njanji. Koma mbeuyi icedwa kuca, ifuna mvula yambiri ndi fetereza wambiri, ndipo iyenera kubzalidwa ndi mvula yoyamba. Mlimi wa khasu, kapena wodikira ng'ombe za mnansi, abzala mocedwa, kotero sanaipindule mofanana. Njere zace nzofewa: anankafumbwe azilowa msanga, ndipo mai akamakonola mumtondo zambiri ziphwanyikira m'gaga. Ofufuza aja sanalakwe masamu ao. Anayankha funso limene boma la nthawi imeneyo linawapatsa, ndilo la azungu a mafamu akuru. Funso la mai wa pamtondo palibe amene analitumiza kwa iwo. Ku Malawi linayankhidwa mu 1990, pamene ofufuza a ku Chitedze anaturutsa MH17 ndi MH18, haibridi za njere zolimbirapo zokonoleka bwino. Wosankha funso ndiye asankha wodzapindula.

4. Nzeru ifuna woisunga

Zambia analandira ufulu mu 1964, ndipo mu 1965 boma la Ian Smith linapandukira Britain. Ubale ndi Rhodesia unasokonezeka, ndipo dziko lathu linayamba kudzipangira lokha mbeu ya SR52. Koma ofufuza anali owerengeka, ambiri anali alendo odza ndi kupita, ndipo m'kupita kwa zaka makolo a mbeuyo anasakanizika ndi cimanga cina. Dzina pathumba linali lomwelo, koma zokolola zinacepa. Wofufuza wina wocokera ku Yugoslavia, Dusan Ristanovic, pamodzi ndi anzace a ku Mount Makulu pafupi ndi Chilanga, anayeretsanso makolo aja, ndipo mbeuyo inaturuka ndi dzina latsopano, MM752. Malemba awiriwo aimira Mount Makulu. M'zaka za m'ma 1980 anaturutsanso zina zofulumira kuca, monga MM603 ndi MM604, zimene alimi ang'ono anazilandira ndi manja awiri. Apa tiona kuti dziko lopanda ofufuza ace-ace litaya ngakhale cimene linali naco kale.

5. Mbali yathu

University of Zambia inatsegulidwa mu 1966 kuti ana a dziko lino aphunzire nchito zotere kwao. Njira yace njaitali. Atatha sukulu ya sekondale, mwana aphunzira zaka zinai kapena zisanu kuti alandire digiri yoyamba, ndipo wofuna kukhala wofufuza weni-weni aonjeza zina zisanu kapena koposa. Anzace adzakhala atamanga nyumba za malata iye ali kuwerengabe njere. Makolo, mwana wanu, wamwamuna kapena wamkazi, akati afuna maphunziro a ulimi, musamnyoze kuti tinakutumiza kusukulu kuti uthawe khasu. Nsima imene mudya inadzera m'manja a anthu otere.

Ndipo alangizi, kapena ofufuza a ku Msekera pafupi ndi Chipata, akadza kudzayesa mbeu m'munda mwanu, auzeni zoona. Ngati mbeuyo ifumbwa, nenani. Ngati nsima yace siikoma, nenani. Musawakondweretse ndi mau aulemu okha, pakuti zimene munena zilembedwa m'buku, ndipo bodza lolembedwa lidzasoceretsa wofufuza wa mawa ndi kusowetsa cakudya adzukulu anu.

Mafunso okambirana

1. Cifukwa ninji wofufuza alola cimanga cace kuonda zaka zambiri?
2. Ndani anapindula poyamba ndi SR52, ndipo ndani anatsalira?
3. Cinacitika nciani ndi mbeuyi m'Zambia itapita 1965?
4. M'mudzi mwanu, ndi bvuto liti la m'munda kapena la m'nkhokwe limene mukadafuna kuti ofufuza aligwirire nchito? Mudzawauza bwanji?