Mliri Ukafika, Samalani Mitima ya Ana Anu

Mliri ndi matenda amene amagwira anthu ambiri pa nthaŵi imodzi, mudzi ndi mudzi, dziko ndi dziko. M'phunziro lino tikambirana za chinthu china chimene chimabwera pamodzi ndi mliri. Chinthucho ndi nkhaŵa.

Kodi mukukumbuka chaka cha 2020? Pa 23 Malichi sukulu zonse za m'Malaŵi zidatsekedwa chifukwa cha matenda a Covid-19, aja tinkangoti korona. Boma lidaletsa misonkhano ya anthu oposa 100. Pa 2 Epulo tidamva pa wailesi kuti anthu atatu apezeka ndi matendawa ku Lilongwe. Ana adakhala pakhomo miyezi yoposa isanu. Mu Januwale 2021 matenda adakula zedi, ndipo nduna ziŵiri za boma zidamwalira tsiku limodzi. Katemera adayamba kufika mu Malichi chaka chomwecho.

Masiku amenewo tidaphunzira kusamba m'manja ndi sopo, kuvala masiki ndi kukhala motalikirana. Zonsezi zidali zoteteza thupi. Nanga mtima tidauteteza bwanji? Tiyeni tiganizire zimenezi tsopano, pakuti mliri ukhoza kubweranso. Paja kolera ya 2022 ndi 2023 idachedwetsa kutsegula sukulu ku Lilongwe ndi ku Blantyre.

Nkhaŵa imamveka m'thupi

Munthu akaona njoka, mtima umagunda msanga ndipo thupi limakonzeka kuthaŵa. Njoka ikapita, thupi limakhalanso m'malo. Koma mliri suchoka tsiku limodzi. Malonda aima, ganyu wasoŵa, m'bale wadwala, maliro achitika inu osapitako. Thupi limangokhala chikonzekere kuthaŵa usana ndi usiku, mpaka kutopa.

Tsono munthu amasoŵa tulo. Mutu umaŵaŵa. Nsima siikoma. Kanthu kakang'ono kamamupsetsa mtima. Ena amaiŵalaiŵala, ena amangokhala duu. Zikakuchitikirani, musadzione ngati wofooka. Si misala, ndipo palibe wakulodzani. Ndi thupi lotopa ndi maganizo.

Mwana amayang'ana nkhope yanu

Mwana sadziŵa kukula kwa vuto. Iye amayang'ana nkhope ya amayi ndi abambo ake. Akaona kuti mwakhala ndwii, mukunong'onezana, mukukangana usiku, amadziŵa kuti zinthu zavuta. Mukapanda kumuuza kanthu, amadzipangira nkhani yake m'mutu, ndipo kaŵirikaŵiri nkhani yakeyo imakhala yoopsa kuposa zoona. Ena amafika poganiza kuti olakwa ndi iwo.

Mwana wamng'ono sanena kuti, “Ndili ndi nkhaŵa.” Amaonetsa ndi zochita. Wina amayambanso kukodza pamphasa ngakhale adaleka kale. Wina amangokakamira chitenje cha amake. Wina amalira usiku, kapena kudandaula m'mimba. Wamkuluko amachita mwano, kapena kusoŵa pakhomo tsiku lonse. Mukamukwapula, mwawonjezera mantha pa mantha. Yambani mwafunsa kuti, “Kodi mwanangu, chakuvuta n'chiyani?”

Muuzeni zoona

Tiyerekeze kuti mwana wanu wa zaka zisanu ndi ziŵiri wakufunsani kuti, “Amayi, kodi nanunso mufa?” Musamukalipire. Musamunamizenso kuti kulibe matenda, pakuti wamva kale kwa anzake. Khalani naye pansi. Mufunseni kaye zimene wamva. Kenaka muyankheni mwachidule, monga chonchi: “Matendawa alipodi, mwanangu. Anthu ambiri akadwala amachira. Ife tikusamba m'manja, ndipo wina akadwala tipita naye ku chipatala. Ine ndili pano, ndikukusamala.”

Ngati m'banja mwagwa maliro, muuzeni kuti agogo amwalira. Musanene kuti apita ulendo kapena agona, chifukwa mwana adzaŵadikira, kapena adzayamba kuopa tulo. Mulekeni alire. Inunso mukalira pamaso pake si cholakwa.

Samalani ndi mphekesera. Nthaŵi ya korona zambiri zinkayenda pa foni ndi pamsika, zina zabodza. Mverani nkhani pa wailesi kamodzi kapena kaŵiri pa tsiku, basi. Chimene simukumvetsa, kafunseni alangizi a zaumoyo.

Tsiku likhale ndi dongosolo

Sukulu ikatsekedwa, tsiku la mwana limasoŵa mutu ndi mchira. Inu makolo likonzeni. Ana adzuke nthaŵi yomwe ija. Asambe, asese pabwalo, athandize kumunda kapena kudimba monga mwa msinkhu wawo. Patulani ola limodzi la makope ndi mabuku. Inu amene mwaphunzira kuŵerenga, khalani nawo pamphasa, muziŵerengerana. Madzulo idyani pamodzi, ndi kuŵasimbira nthano ndi zilapi. Mwana akadziŵa chimene chibwere maŵa, mtima wake umakhala pansi.

Tsiku lililonse mpatseni mwana aliyense kanthaŵi kake, ngakhale mphindi khumi zokha. Mukhoza kucheza naye potola nkhuni kapena potongola chimanga. Akachita bwino, muyamikireni: “Wasesa bwino, zikomo.”

Ana osinkhuka asaiŵalike. Pamene sukulu zidatsekedwa mu 2020, atsikana ambiri adatenga mimba, ndipo ena adakwatiŵa adakali ana. Malamulo a Malaŵi salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Njala kapena kusoŵa ndalama kusakuchititseni kupereka mwana ku banja. Dziŵani kumene ana anu apita masana, ndipo muziŵakumbutsa kuti sukulu idzatsegulidwanso.

Dzisamaleni inunso

Chitsime chouma sichipatsa madzi. Kholo lotopa ndi maganizo silingatonthoze mwana. Nazi njira zina zodzithandizira.

1. Mkwiyo ukafika pakhosi, imani kaye. Tulukani panja. Kokani mpweya pang'onopang'ono ndi kuutulutsa, kasanu. Mukatero bwererani, mulankhule.

2. Siyanitsani zimene mungathe ndi zimene simungathe. Kuthetsa mliri simungathe. Koma kusamba m'manja, kulandira katemera, kuthirira ndiwo kudimba ndi kugaŵa bwino ufa umene ulipo, mungathe.

3. Bambo ndi mayi, khalani pansi ana atagona, mukambirane za ndalama poyera. Kubisirana ndiko kumabala ndeu.

4. Uzani munthu amene mumamukhulupirira zimene zili kumtima kwanu. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Ngakhale pa nthaŵi yokhala motalikirana, mukhoza kulankhulana pa foni, kapena kucheza panja mutatalikirana.

5. Musathaŵire ku moŵa. Kachasu amaiŵalitsa usiku umodzi, koma m'maŵa vuto lili pomwepo, ndalama ya sopo yatha.

Abambo, mawu aŵa ndi anunso. Ambirife tidakula tikumva kuti mwamuna salira. Kotero bambo ntchito ikamuthera amangosunga zonse mumtima, mpaka zimatulukira m'manja, pa mkazi ndi ana. Kunena kuti “Zandivuta” si manyazi. Manyazi ndi kumenya banja lako.

Nthaŵi yopita ku chipatala

Nkhaŵa zambiri zimachepa munthu akapuma ndi kukambirana ndi anzake. Koma zina zimafuna chipatala. Pitani naye munthu ngati wakhala wokhumudwa masabata aŵiri kapena kuposa, osadya bwino, osagona, osafuna ntchito kapena kucheza. Pitani nayenso ngati akumva mawu amene ena sakuŵamva.

Ngati wina wanena zofuna kudzipha, musaseke ndipo musamudzudzule. Musamusiye yekha. Chotsani zingwe, mankhwala a mbewu ndi a makoswe pamalo amene angazipeze. Pitani naye ku chipatala tsiku lomwelo.

Matenda a maganizo ndi matenda monga ena onse, ndipo thandizo lake lilipo. Yambirani pa chipatala cha kwanu. Akaona kuti n'kofunika, adzakutumizani ku chipatala cha boma lanu, kapena ku Zomba Mental Hospital, kapena ku St John of God ku Mzuzu. Ngati mwana akuchitidwa nkhanza, imbani nambala ya 116, kapena kauzeni amfumu ndi apolisi. Musati, “Si mwana wanga.” Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mafunso

1. Kodi sukulu za m'Malaŵi zidatsekedwa liti chifukwa cha Covid-19?
2. Tchulani zizindikiro zitatu za nkhaŵa mwa munthu wamkulu.
3. Kodi mwana wamng'ono amaonetsa bwanji kuti ali ndi mantha?
4. N'chifukwa chiyani si bwino kuuza mwana kuti womwalira “wapita ulendo”?
5. Mungachite chiyani mnzanu akanena zofuna kudzipha?

Ntchito

Tengani kope lanu. Lembani maina a anthu aŵiri amene mungaŵauze vuto lanu. Pansi pake lembani dongosolo la tsiku limodzi la ana anu, kuyambira m'maŵa mpaka madzulo. Mukakumana ndi anzanu, muŵerengerane.